Njala si mankhwala a kunenepa

Nkhani yocepetsa thupi yafika ponseponse masiku ano. Ikambidwa m'misika ya ku Lusaka, ikambidwa pazitsime ku Katete ndi ku Petauke, ikambidwanso pabwalo la chalichi anthu akaturuka m'mapemphero. Kawirikawiri imayambira kukiliniki. Munthu apimidwa BP, akwera pasikelo, ndipo anamwino amuuza mau atatu cabe: "Mucepetseko thupi, amai." Pamzere pali ena ambiri odikira, ndiye nthawi yofotokoza palibe. Munthuyo abwerera kunyumba ndi funso limene sanafunse, ndipo adziyankha yekha kuti njira ndi kuleka kudya. M'mawa amwa madzi a mandimu, masana adumpha, usiku agona ndi kapu ya tiyi.

Ife tikuti njira imeneyi ndi yolakwika ndiponso ndi yoopsa. Munthu wofuna kucepetsa thupi afunika kudya pa nthawi yake, ndipo afunika kukhuta. Cofunika kusintha ndi zimene zili m'mbale: nsima icepeko, ndiwo ziculuke, saladi ndi shuga zibwerere kumbuyo.

Vuto la kunenepa kopitirira lilipo ndithu, sitikulikana. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anai alionse a zaka 18 mpaka 69 muno m'Zambia anali ndi thupi loposa muyezo. Pakati pa azimai cabe anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu anali ndi BP yokwera, ndipo anthu 9 mwa 10 alionse sanali kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso zokwanira. Matenda a shuga, BP ndi sitiroko, amene kale tinali kuwaona ngati a mabwana a m'maofesi, lero akugwetsa alimi ndi ogulitsa pamsika.

Tidziwanso kuti ena adzatifunsa kuti tikamba bwanji za kunenepa m'dziko limene njala siili patali. Mu 2024 cilala cinapsereza minda m'maboma ambiri, kufikira Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anaonetsa kuti ana 35 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndipo azimai pafupifupi atatu mwa khumi anali ndi magazi ocepa. Koma tiyang'ane bwino m'midzi ndi m'makomboni mwathu. Nthawi zina mavuto awiriwa amapezeka m'nyumba imodzi: amai ndi onenepa, mwana ndi wopinimbira. Onse awiri akudya mbale imodzimodzi, ya nsima yambiri, tindiwo tongonyowetsa mbamu, tiyi wa shuga ndi vitumbuwa. Mimba yadzala, koma thupi likusowa zomangira. Munthu wonenepa wotere akaleka kudya, amangoonjezera kusowa pamwamba pa kusowa.

Thupi likamanidwa cakudya limacita zimene banja limacita caka ca njala. Coyamba limacepetsa zonse zimene limaononga, cifukwa cake munthu amamva ulesi, mphepo, mutu ndi cizungulire. Njala ikapitirira, banja limayamba kugulitsa mbuzi, kenaka ng'ombe zolimira. Naco thupi cimodzimodzi: silidya mafuta okha, limadyanso minofu, imene ndiyo ng'ombe zake zolimira. Minofu ndiyo imagwira khasu, imasenza mtolo, ndipo ndiyo imathandiza kutentha cakudya cimene tadya. Ikacepa, thupi limafuna cakudya cocepa kuposa kale, ndipo munthu akabwerera ku kadyedwe kake kakale amanenepa msanga.

Izi zinaonekera poyera kalekale. Mu 1944 ndi 1945, pa yunivesite ya Minnesota ku America, katswiri wina dzina lake Ancel Keys anacita kafukufuku pa amuna 36 athanzi amene anadzipereka okha. Kwa miyezi 6 anali kupatsidwa pafupifupi theka la cakudya cimene anazolowera. Anaondadi, ndipo anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a kulemera kwao. Koma anafooka, anali kukwiya msanga, ambiri anataya cimwemwe, ndipo maganizo ao anali pa cakudya usana ndi usiku. Ataloledwa kudya monga afunira, ambiri analephera kudziletsa, ndipo mafuta a m'thupi anabwerera kuposa mmene analili poyamba. Amenewa anali acinyamata amphamvu, oyang'aniridwa ndi madokotala tsiku ndi tsiku. Nanga mai wa ana asanu, wolima munda ndi kutunga madzi, adzapirira bwanji?

Alimi ambiri amacita zofanana ndi izi osadziwa. Amalawira kumunda m'mimba mulibe kanthu, abwerera dzuwa litapendeka ali ndi njala ya nkhandwe, ndipo adya mitanda isanu ya nsima nthawi imodzi ndi ndiwo zilizonse zimene zapezeka. Amene akufuna kucepetsa thupi naye akadumpha cakudya ca m'mawa ndi ca masana, madzulo amapezeka ali pa ciwaya ca chipisi kapena ali ndi mabanzi m'manja. Kenaka amadziimba mlandu kuti alibe mtima wolimba. Mlandu suli pa mtima wake. Njala yaikulu siisankha cakudya.

Pali anthu ena amene sayenera kuyesa n'komwe kudzimana cakudya. Amai apakati ndi oyamwitsa afunika cakudya coonjezera. Ana ndi acinyamata amene akali kukula asaikidwe pa njala cifukwa coti anzao amawaseka kusukulu. Odwala TB afunika kudya bwino kuti mankhwala agwire nchito. Odwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga akhoza kukomoka ngati adumpha cakudya, cifukwa shuga amatsika mopitirira. Ena amene ali pa ma ARV amaona thupi likukula. Amenewa akambe ndi a kucipatala, asaleke mankhwala paokha. Ndipo ngati munthu akuonda osadziwa cifukwa, asakondwere kuti wapeza mwai. Kuonda kotere, maka-maka pamodzi ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, cifuwa cokhalitsa kapena thukuta la usiku, ndi cizindikiro cofuna kupimidwa msanga. Safunsa anadya phula.

Tsono munthu adye ciani? Yankho lili pafupi. Mu 2021 Unduna wa Zamalimidwe, mothandizana ndi bungwe la FAO, unaturutsa malangizo a kadyedwe a dziko la Zambia. Malangizowo amaika zakudya m'magulu asanu ndi limodzi: zambeu monga cimanga, mapira ndi mpunga pamodzi ndi kandolo ndi cinangwa, ndiwo zamasamba, zipatso, nsomba, tizilombo todyedwa, mazira ndi nyama, mkaka, ndiponso nyemba ndi nshawa za mitundumitundu. Uphungu wake ndi wakuti munthu adyeko kucokera m'magulu osiyanasiyana tsiku lililonse. Wofuna kucepetsa thupi sataya gulu ngakhale limodzi. Amangosintha kukula kwa magawo.

Tiyambe ndi nsima, cifukwa apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Sitikuuza munthu aliyense kuti aleke nsima. Ndiyo mphamvu ya mlimi, ndipo uphungu uliwonse woletsa nsima sudzakhala sabata limodzi m'nyumba ya Mzambia. Tikuti amene amadya mitanda inai ayambe kudya itatu, kenaka iwiri, mtanda uliwonse wofanana ndi nkhonya yake. Masiku a nchito yaikulu, monga yopalira ndi yokolola, aonjezereko. Masiku ongokhala pakhomo acepetse. Unga wa mgaiwa uli bwino kuposa wa bulekifasiti kapena woyera wokonola, cifukwa gaga ndi mtima wa cimanga zikali momwemo, ndipo umakhalitsa m'mimba. Kuyera kwa nsima kumakondweretsa maso a alendo, koma zambiri zothandiza thupi zimakhala zitatsala kucigayo ndi mumtondo.

Malo amene nsima yasiya adzazidwe ndi ndiwo zamasamba. Mwambo wathu unaika nsima m'mbale yaikulu, ndiwo m'kambale kakang'ono. Wocepetsa thupi atembenuze mbalezo. Mnkhwani, bondwe, kholowa, citambe, delele, lepu, kabichi ndi impwa zimadzaza mimba popanda kuunjika mafuta m'thupi, ndipo zili ndi mavitamini ndi zina zothandiza magazi. A WHO amalangiza magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso patsiku kwa munthu wamkulu. Pa mbale ya munthu mmodzi, masamba atenge theka, nsima itenge gawo limodzi mwa magawo anai, ndipo gawo lotsala likhale la zakudya zomanga thupi.

Gawo lomalizali ndilo limateteza minofu ndi kuletsa njala kubwera msanga, conco lisasowe. Silifuna nyama ya kubuchala tsiku lililonse. Nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya, kapenta, mazira ndi nkhuku ya kumudzi zimagwira nchito yomweyo. Inswa, vinkhubala ndi mbewa za kwathu kum'mawa, zimene ena amacita nazo manyazi akafika m'tauni, ndi zomanga thupi zenizeni. Nshawa ndi zabwino, koma pafupifupi theka la nshawa ndi mafuta, conco dzanja limodzi patsiku ndi lokwanira. Ndiwo zikatenderedwa ndi nsinjiro sizifunanso saladi.

Pamene tiyenera kudula molimba mtima ndi pa zinthu zitatu: saladi, shuga ndi mowa. Supuni imodzi yaikulu ya saladi ili ndi makalori pafupifupi 120, kuposa mbale yodzaza ya lepu wowiritsa. M'nyumba zambiri saladi amathiridwa kucokera m'botolo mosayeza, mpaka ndiwo kusambira. Kuyeza ndi supuni kumapulumutsa thupi ndi thumba lomwe. Vitumbuwa, chipisi, masoseji ndi nkhuku yokazinga m'mafuta ambiri zikhale za apo ndi apo.

Za shuga, a WHO amati munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono 12 patsiku, ndipo kuli bwino koposa kukhala pa masupuni 6. Botolo limodzi la 500 ml la zakumwa zambiri zozizira lili ndi masupuni oposa 10. Womwa tiyi katatu patsiku ndi masupuni atatu m'kapu iliyonse wafika kale pa 9. Maheu a m'sitolo ndi majusi osungunula nawo ali ndi shuga wambiri. Ena amati shuga wathu ndi wa thanzi cifukwa kuyambira mu 1998 amaikamo vitamini A. N'zoona kuti vitaminiyo alimo, koma shuga akali shuga. Vitamini A yemweyo ali mu kandolo wofiira mkati, m'cimanga ca olenji cimene cinayamba kufalitsidwa muno mu 2012, m'maungu, m'mapapaya ndi m'mango. Mowa nawo, kaya wa m'botolo kaya wa masese, ndi cakudya cobisika cimene cimathera pamimba, ndipo umakweza BP. Mcere sunenepetsa, koma nawonso umakweza BP. A WHO amalangiza magalamu osafika 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi, pamene kafukufuku wa mu 2017 uja anapeza kuti timadya pafupifupi kawiri kuposa pamenepo.

Tsiku la munthu wodya motere silili la cisoni. M'mawa adya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena kandolo wophika ndi dzira, tiyi wa kasupuni kamodzi ka shuga. Kumunda anyamula madzi, nthoci kapena cimanga cophika. Masana adya mitanda iwiri ya nsima, nyemba ndi mnkhwani wambiri. Madzulo mtanda umodzi kapena iwiri, kapenta wa tomato ndi anyezi, ndi delele kapena bondwe. Pakati akamva njala adya gwafa, masuku, mango kapena lalanje, malinga ndi nyengo. Munthu ameneyu wagona wokhuta, m'mawa adzuka ndi mphamvu, ndipo thupi likucepa pang'onopang'ono.

Ena adzati kadyedwe aka ndi ka anthu andalama. Kwa okhala m'makomboni a m'tauni, amene amagula ciliconse mpaka kamtolo ka lepu, dandauloli lili ndi maziko. Ngakhale zili conco, ndalama ya botolo la cakumwa ndi mabanzi awiri ikhoza kugula mazira kapena mulu wa masamba. Koma kwa ife alimi nkhani ndi ina. Timalima nshawa, soya ndi nyemba, ndi kugulitsa zonse kwa mavenda mpaka thumba lomaliza. Mazira timatumiza kumsika, ndipo pobwera tinyamula shuga, mabisiketi ndi majusi. Mango amaolera pansi pa mtengo mu December. Banja lililonse lisunge gawo la nyemba ndi nshawa lokwanira caka lisanayambe kugulitsa. Mfutso, umene agogo athu anali kuyanika nthawi ya dzinja kuti udzathandize m'cilimwe, ubwerere m'zikwatu. Amene ali ndi dimba aike mizere ya banja pambali, asamatenge zonse kupita kumsika.

Tsono pa liwiro. Akatswiri amalangiza kutsika theka la kilogalamu kufika kilogalamu imodzi pa sabata, osapitirira. Ndipo sikofunika kufika pa thupi la pa cithunzi ca pafoni kuti munthu apindule. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene zotsatira zake zinaturuka mu 2002, wa anthu oposa 3,000 amene shuga wao anali atayamba kukwera, anaonetsa kuti gulu limene linalangizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pa sabata ndi kutsitsa magawo 7 pa 100 a kulemera kwao linacepetsa ngozi yodwala shuga ndi magawo 58 pa 100. Kwa munthu wa makilogalamu 90, amenewa ndi makilogalamu pafupifupi 6 cabe. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Wopanda sikelo asadandaule. Atenge cingwe cofanana ndi msinkhu wake, kucokera kumutu mpaka kuphazi, acipinde pakati, ndipo azungulize m'ciuno camwamba pang'ono pa mcombo. Ngati nsonga zake sizikumana, mafuta a pamimba aculuka, ndipo amenewa ndiwo amayendera limodzi ndi shuga ndi BP. Kupima kamodzi pamwezi n'kokwanira. Za kuyenda, mlimi nthawi ya dzinja amapitirira mphindi 150 zija pa masiku awiri okha. Vuto limabwera tikakolola, pamene nchito yacepa, ndalama zalowa, ndipo njinga zamoto zikutinyamula ngakhale pa ulendo wa kumsika umene kale tinali kuyenda pansi kapena kupalasa njinga. Miyezi imeneyo ndiyo yofunika kusamala mbale ndi kugwiritsa nchito miyendo.

Ticenjezenso za matiyi, makofi ndi mapiritsi ocepetsa thupi amene amagulitsidwa pa Facebook, pa WhatsApp ndi m'mabasi. Ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsikadi, koma cimene caturuka ndi madzi, ndipo amabwerera munthu akangomwa. Ena ndi oopsa koposa. Mankhwala ochedwa sibutramine anacotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 cifukwa anali kuonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko, koma pambuyo pake akhala akupezeka atabisidwa m'zinthu zina zogulitsidwa ngati zacilengedwe. Tipempha bungwe loona za mankhwala la ZAMRA kuti liike maso pa malonda otere. Kwa owerenga athu tikuti ndalama imeneyo igule nyemba.

Nchitoyi si ya munthu mmodzi, cifukwa m'nyumba mphika ndi umodzi. Azibambo amene amafuna ndiwo zonyezimira saladi, ndi kutenga gawo lalikulu la nsomba, akulepheretsa akazi ao amene auzidwa kusintha kadyedwe. Kuseka munthu cifukwa ca thupi lake kuleke. Tikumbukire kuti m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inali kutenga anthu ambiri ndipo ma ARV anali asanafike kwa anthu wamba, munthu akangoonda anali kulozedwa zala. Mantha amenewo akali mwa ena mpaka lero, ndipo amawaletsa kucepetsa thupi ngakhale adokotala atawauza. Wonenepa asanyozedwe, ndipo amene wacepako asayambitsidwe mphekesera.

Mipingo nayo ili ndi gawo lake. Pa misonkhano ya miphakati, ya makwaya ndi ya mabungwe a azimai, pa maukwati ndi pa zikondwerero za parishi, cizindikiro ca ulemu cakhala kreti ya zakumwa, mpunga wa saladi ndi nkhuku yokazinga. Makomiti okonza cakudya aikepo madzi abwino, zipatso za nyengo ndi mphika waukulu wa masamba. Atsogoleri akumbutsenso akhristu kuti kusala kudya kwa pa Lenti kapena kwa mapemphero kuli ndi colinga cake ca uzimu, ndipo odwala, apakati ndi oyamwitsa asadzikakamize. Parishi ikhoza kuitana anamwino kamodzi pa miyezi ingapo kudzapima BP mapemphero akatha ndi kuyankha mafunso amene anthu amalephera kufunsa pamzere wa kukiliniki.

Kwa boma tikuti malangizo a mu 2021 aja asathere m'maofesi a ku Lusaka. Afike kwa alangizi a zamalimidwe, kwa odzipereka a zaumoyo m'midzi ndi pa mawailesi a m'madera, m'zinenero zimene anthu amalankhula. Bungwe la National Food and Nutrition Commission, limene lakhalapo kuyambira mu 1967, litsogolere pa nchitoyi. Ndipo wa zaumoyo aliyense wouza munthu kuti acepetse thupi aonjezere ciganizo cimodzi: "Musaleke kudya."

Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene mwauzidwa kucepetsa thupi, yambani ndi cakudya ca lero madzulo. Cotsani mtanda umodzi wa nsima, onjezerani cipande ca masamba, yezani saladi ndi supuni, ndipo imwani madzi m'malo mwa cakumwa ca shuga. Mawa m'mawa idyani musanapite kumunda. Pakatha miyezi itatu bwererani kukiliniki mukapimitse BP ndi shuga, ndipo mukafunse zonse zimene simunamvetse.